A Dalaivala Atatsika M'thiraki

Anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti a Dalaivala. Dzina lawo lenileni linkakhala pa laisensi m'thumba la malaya, pakamwa pa anthu ayi. Ngakhale akazi awo, akamacheza ndi aneba pampanda, ankati, "A Dalaivala akubwera Loweruka," onse n'kuseka, poti Loweruka la a Dalaivala nthawi zambiri linkagwa Lachitatu la sabata inayo.

Ntchito anaiyamba ali anyamata, kumanga lona pamwamba pa katundu ndi kusintha matayala. Chiwongolero anachiphunzira mobera, m'yadi ya kampani, mabwana akapita kukadya. Chaka chimene anapatsidwa thiraki yawoyawo ndi chimenenso anakwatira, ndipo pa ziwirizo, kunena zoona, thiraki ndi imene inawaona kwambiri. Kumbuyo kwa mpando kunali kabedi kopapatiza, bulangeti lonunkha dizilo ndi kachikwama ka zovala. Pafupi ndi giya sipankasowa paketi ya fodya ndi botolo la chakumwa chotsekemera, zothamangitsira tulo.

Pamsewu munthu amadya chimene wachipeza pamene waima. Nyama yootcha, makamaka yonona ija yotsetsereka pakhosi, tchipisi chosambira m'mafuta, mazira okazinga, tiyi wa shuga woti supuni iime yokha m'kapu. Pachipata cholowera dziko lina ankatha kukhala masiku akudikira mapepala, ndipo ntchito yake inali kudya, kugona ndi kusewera makadi pansi pa thiraki. Mimba inakula mpaka kuyamba kukhudza chiwongolero. Abale akawaona ankati, "Koma ndiye zikukuyenderanitu," iwo n'kumaisisita monyadira.

Mnzawo wapamtima anali dalaivala wa kampani yomweyo, wotchedwa Chigayo chifukwa chilichonse chimene wamuikira patsogolo ankagaya. Ankayenda motsogozana, a Dalaivala patsogolo, Chigayo kumbuyo. Pamalo odyera Chigayo ankalowa akufuula, "Amayi, chotsani chivundikiro, ife sitidyera m'mbale!" Anthu awiriwa anakankhirana mathiraki m'matope, anagawana bulangeti m'nyengo yozizira, ndipo zimene ankadziwana sizinkadziwika kunyumba kwa aliyense wa iwo.

Kunyumba zinthu zinkayenda popanda a Dalaivala. Amayi ndi amene anaimirira amisiri pomanga nyumba, ndi amene ankapita kusukulu akaitana makolo, ndi amene anayamba kuweta nkhuku zamazira kuseri mpaka khola linakula kuposa chipinda chochezera. Ana anali awiri, woyamba wamkazi, wachiwiri wamwamuna. Bambo awo ankabwera ndi masiwiti ndi nsapato, nthawi zina zothina chifukwa mapazi anakula iwo ali kunjira. Ankalandiridwa bwino: madzi osamba otentha, nkhuku yophedwa, mbale zija zosungidwa m'kabati. Tsiku lina ali chigonere m'chipinda anamva wamwamunayo, akadali wamng'ono, akufunsa kukhitchini, "Amayi, abambo aja apita liti kwawo?" Anaseka okha pabedipo, ndipo nkhaniyo anakamuuza Chigayo ngati nthabwala.

Matenda anabwera mosagogoda. Linayamba ndi ludzu losatha. Ankamwa madzi ngati injini yotentha, n'kumaimitsa thiraki pafupipafupi kukataya madzi, mpaka Chigayo anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Achimwene, kodi mwabooka?" Kenako zikwangwani za pamsewu zinayamba kuoneka ngati zili m'chifunga. Sanauze munthu. Koma itakwana nthawi yoti kampani iyezetse madalaivala ake, panalibenso pobisala.

Dokotala wake anali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Anayang'ana zotsatira, n'kuwayang'ana iwo.

"Bambo, muli ndi matenda a shuga, ndipo si a dzulo. Magazi anu akuthamanganso. Ndiye palinso ichi: mafuta a m'magazi, amene timati kolesitolo, achuluka."

"Zonsezo mwa munthu mmodzi?"

"Zimakonda kuyendera limodzi. Shuga akachuluka amawononga mitsempha mkati, mafuta n'kumakanirira powonongekapo, njira ya magazi n'kumachepa. Tsiku lina ukatsekeka mtsempha wa kumtima kapena wa kumutu, m'pamene anthu amati uje wangogwa."

"Komatu ine sindikumva kupweteka paliponse."

"N'chifukwa chake ndikukuuzani lero, musanamve."

Anawapatsa mapiritsi a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ndi ena a mafuta omwa madzulo. Anati asiye fodya, achepetse mafuta, mchere ndi zotsekemera, azidya nyemba, nsomba ndi masamba, ndipo aziyenda pansi tsiku lililonse mpaka kathukuta katuluke. A Dalaivala anangoti, "Ndamva, adokotala," koma mumtima ankaganiza kuti mayiyu sanagonepo pachipata cha dziko.

Ludzu linachepa ndi mankhwala, koma maso sanabwerere mokwanira kuti apatsidwenso ulendo. Bwana anawagwira chanza, anzawo anawaombera m'manja. Anakwera m'thiraki kukatenga bulangeti ndi kachikwama kaja, ndipo asanatuluke n'komwe pageti anaona dalaivala watsopano akukankhira mpando kutsogolo kuti miyendo yake ifike.

Sabata yoyamba kunyumba inali ngati maulendo ena onse: madzi otentha, mbale za m'kabati. Sabata yachiwiri mbalezo sizinabwerere m'kabati, ndipo a Dalaivala anazindikira kuti palibe amene akudziwa choti achite nawo. Mwana wamkazi anali atakwatiwa kutauni ina yakutali. Wamwamuna ankagwira ntchito m'shopu yokonza mafoni, ankagona m'chipinda cha kunja, ndipo akakumana pakhomo ankachotsa chomvetsera kukhutu limodzi n'kunena, "Mwaswera bwanji, bambo?" Yankho lisanathe, chinali chitabwerera kukhutu.

Amayi anatenga mawu a dokotala ngati lamulo. Anagula kapoto kakang'ono ka a Dalaivala okha. M'menemo munkawira nyemba zopanda mafuta, masamba a mchere wongolawitsa, nsomba yowiritsa ndi tomato. Ankawaikira patebulo, n'kuvundikira bwinobwino, n'kunena, "Abambo, chakudya chili apo." Amayiwo ankakadyera kukhitchini choimirira, diso lili kukhola, monga anazolowera zaka zonse. A Dalaivala ankakhala okha patebulo la mipando yambiri, akumva supuni yawo ikugunda mbale, fungo la anyezi wokazinga wa anthu ena likubwera pansi pa chitseko.

Sankadziwa pamene pamakhala makapu. Sankadziwa kuti mpopi wa kubafa umafuna kuukankhira mkati potseka. Tsiku lina anati athandize kukhola, n'kulowa ndi ndowa ya chakudya, nkhuku zonse n'kubalalika ndi phokoso ngati zaona kambuku. Amayi anabwera akuthamanga.

"Abambo, sizikudziwani izi. Zikadzidzimuka siziikira. Kapumeni, mwagwira ntchito yokwanira."

Anawalankhula mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unkapweteka.

Ndiye anayamba kumapita kudepoti, kukakhala pabenchi pafupi ndi malo ootchera nyama kumene madalaivala ankadikirira katundu. Masiku oyamba ankawalandira ndi chisangalalo. Koma akawapatsa botolo ankakana, akawapatsa nyama ankakana, mpaka wina anati, "Kodi madala mwalowa mpingo wanji?" Kucheza kwa pamenepo kunkayenda ndi kutafuna, ndipo munthu wongopinda manja ankaoneka ngati woyang'anira mayeso. Nkhani zake zinalinso za misewu yatsopano imene iwo sanaipondepo. Chigayo yekha, akapezeka, ankawakokera pambali n'kuwaikira kachidutswa m'manja.

"Idyani, achimwene. Inenso anandiuza zomwezo chaka chatha. Madokotala akanakhala kuti amamveredwa, bwenzi dziko lonse likudya udzu."

Kachidutswa kanasanduka zidutswa, ndipo fodya anabwerera m'thumba. Piritsi la shuga ankamwa, poti akalisiya thupi linkawauza. La magazi ankamwa akakumbuka. Koma la mafuta lija sankaona ntchito yake: umwe, usamwe, thupi chimodzimodzi. Litatha sanakatenge lina. Masiku okaonana ndi dokotala anayamba kuwadumpha, ndipo panalibe amene anafunsa.

Uthenga wa Chigayo anaumva kudepoti komweko. Anagwa akumanga lona, pakati pa tsiku, dzuwa likuswa mtengo. Sanafe. A Dalaivala atapita kukamuona atatuluka m'chipatala, anamupeza pakhonde atamukhazika pampando wa pulasitiki, thaulo lili pachifuwa. Mkono wamanja unali pamiyendo ngati wa munthu wina, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Mkazi wake ankagulitsa zovala kumsika ndipo ankamusiya pamenepo m'mawa, mneba n'kumamusuzumira.

"Chigayo, ndine."

Chigayo anawayang'ana nthawi yaitali. Milomo inagwedezeka, koma chimene chinatuluka ndi mawu amodzi okha amene matenda anamusiyira: "Basi." Kaya wamufunsa za madzi, kaya za ana, yankho linali lomwelo.

Tsiku limenelo a Dalaivala anataya paketi ya fodya m'ngalande, ndipo kudepoti sanapitenso. M'mawa uliwonse ankavala nsapato zawo zofewa, n'kuyenda wapansi kupita kwa Chigayo, mbali ina ya tauni. Njira yake inkadutsa pa sukulu, pa malo owotcherera zitsulo, pa mlatho waung'ono, kenako kukwera kachitunda. Akafika ankamupukuta pakamwa, kumumwetsa madzi, n'kukhala pambali pake kumamukumbutsa za m'misewu: tsiku limene mabuleki anakana pachitsikiro, mayi wa malo odyera amene anawathamangitsa ndi chikombe. Nthawi zina mbali yamoyo ya nkhope ya Chigayo inkaseka. Nthawi zina ankangolira mwakachetechete. Anthu awiri amene kale sankapatsana mpata wolankhula tsopano ankatha m'mawa wonse mmodzi yekha akulankhula, ndipo nkhani zikatha ankangoyang'ana msewu.

Kuchipatala sanabwerere. Ankaganiza kuti kuyenda kwakwanira, komanso ankachita manyazi ndi funso limene dokotala uja akanawafunsa.

M'mawa wina akukwera kachitunda kaja anamva ngati wina wawaika thumba la simenti pachifuwa. Sikunali kupweteka kwenikweni, koma kulemera, ndipo mpweya unkathera panjira. Thukuta lozizira linanyowetsa malaya, nsagwada n'kuyamba kuwawa ngati dzino. Anakhala pansi pakhonde la shopu ina, pafupi ndi wosoka nsapato amene ankamupatsa moni tsiku ndi tsiku osadziwana mayina.

"Madala, nkhope yanu sindikuimvetsa. Mukumva bwanji?"

"Ndingopuma pang'ono."

"Ayi, kupuma kumeneku mukapumire kuchipatala."

Wosoka nsapatoyo anaimitsa galimoto, anawakweza, n'kusiya nsapato za anthu pamsewu kuti awaperekeze. Kuchipatala anawathamangitsira mkati, anawamata mawaya pachifuwa, anawapatsa mapiritsi otafuna ndi jakisoni. Namwino atafunsa kuti aitane ndani, dzina loyamba kubwera m'mutu mwa a Dalaivala linali la Chigayo. Kenako anapereka foni n'kunena kuti ayang'ane polembedwa kuti Kunyumba.

Amayi anafika ndi epuloni ya kukhola, mankhusu a chakudya cha nkhuku ali m'tsitsi. Dokotala anali yemwe uja. Anafotokoza kuti mtsempha wina wa kumtima unatsala pang'ono kutsekeka, ndiponso kuti anthu a shuga nthawi zina samva ululu woopsa ngakhale mtima uli pamavuto, n'chifukwa chake ambiri amachedwa. Kenako anafunsa funso lija.

"Mapiritsi a mafuta munamaliza liti?"

A Dalaivala anayang'ana kudenga. "Papita nthawi."

Dokotala sanakalipe. Anangoti, "Kuyenda mwachita bwino, fodya mwachita bwino. Koma piritsi limenelija ntchito yake simuimva m'thupi. Imaoneka pamene zinthu ngati izi sizinachitike." Atatero anapita kwa wodwala wina.

Amayi anakhala pampando wa pambali pa bedi, manja ali pamiyendo.

"Ine kudzuka m'mamawa kukuwiritsirani nyemba padera, inu mankhwala munasiya?"

"Simunandifunsepo."

"Ndikufunseni bwanji, abambo? Zaka zonsezi ndinaphunzira kusakufunsani. Mubwera liti, mwadya chiyani, mwagona kuti. Ndikafunsa ndinkangodzipweteka mtima. Ndiye lero ndiyambire pati?"

"Ndimadya ndekha ngati mlendo."

"Nanga ine ndadya ndi ndani zaka zonsezi?"

Panalibe wokweza mawu. Pabedi loyandikana nalo wina ankatsokomola. Amayi anadzuka, anakonza pilo, n'kupita kukafunsa namwino zimene wodwala angadye.

Atatuluka m'chipatala, mapiritsi anawonjezeka, ndipo dokotala anati ayambe kuyenda pang'onopang'ono, pamalo osakwera, asakhale okha. Amayi ndi amene ankawaperekeza akamaliza kudyetsa nkhuku. Masiku oyamba ankayenda ngati anthu ongokumana pamsewu, wina patsogolo pang'ono. Kenako amayi anayamba kuloza malo.

"Apa m'pamene mwana wanu anathyoka mkono, atagwa panjinga ya eni. Ndinamubereka kumbuyo mpaka kuchipatala, mnyamata wamkulu miyendo ikukwekwereza pansi."

"Ine ndinali kuti?"

"Munabwera pulasitala atachotsa."

Anawaonetsa nyumba imene anabisalamo mvula itasasula denga lawo, ndi shopu imene inayamba kuwagula mazira. A Dalaivala ankamvetsera ngati munthu amene akuonetsedwa tauni yachilendo. Anadziwa misewu ya mayiko angapo, pokhota paliponse ndi dzenje lililonse, koma msewu wa pakhomo pawo anaudziwira m'miyezi imeneyo. Madzulo ena amayi ankabwera ndi mbale yawo patebulo. Sankalankhula zambiri, koma supuni zinkamveka ziwiri.

Sizinakhalitse. Mwana wamkazi anali woyembekezera, mimba yake inavuta, ndipo madokotala a kumeneko anati agone osagwira ntchito. Apongozi ake a mwanayo anaimba foni kupempha kuti amayi apite. Panalibe zokambirana. Masiku otsala amayi anawatha akuphunzitsa a Dalaivala kulowa m'khola mwakachetechete, akuimba kamluzu kuti nkhuku ziwazolowere, ndi kuyeza mchere ndi nsonga ya supuni. Anawaonetsa mmene angayang'anire mapazi awo madzulo, pakati pa zala, ngati pali bala limene sakulimva. Mapiritsi anawaika pawindo la kukhitchini pafupi ndi machesi, poti pamenepo munthu sangaphonye. A Dalaivala anawanyamulira chikwama mpaka pokwerera basi.

"Musasiyenso," amayi anatero ali pawindo.

"Sindisiya. Mukafika muimbe."

Atapeza mphamvu zokwera kachitunda kaja anapita kwa Chigayo. Anapeza pakhonde palibe mpando, makatani atachotsedwa. Mneba anati ana ake anabwera ndi galimoto n'kumutengera kumudzi, poti mkazi wake yekha sakanatha. Nambala imene anasiya sinkapezeka. A Dalaivala anaima pageti kanthawi, n'kubwerera. Pobwerera anaima kwa wosoka nsapato uja, n'kukhala pabenchi lake mpaka dzuwa litakwera, akumuyang'ana akusoka. Kuyambira pamenepo ulendo wawo wa m'mawa unkathera pamenepo. Wosokayo si munthu wolankhula, ndipo makasitomala akachuluka a Dalaivala amadzuka n'kumapita osatsanzika.

Mwana anabadwa bwino, wamkazi, koma mayi ake anachedwa kuchira, ndipo atachira anabwerera kuntchito. Amayi anati akhaleko pang'ono mpaka apeze wolera. Pang'onopo panatalika.

Tsiku lokaonana ndi dokotala a Dalaivala sanalidumphenso. Ankakhala pamzere ndi anzawo a shuga, ena ochepa thupi, ena onenepa, wina wodulidwa phazi, onse akufunsana kuti, "Wanu ali bwanji mwezi uno?" ngati akufunsana za mwana. Ulendo wina dokotala anayang'ana zotsatira n'kumwetulira.

"Shuga wakhazikika, magazi akuyenda bwino, mafuta atsika. Mtimawu uli ndi chipsera, sungabwerere mwakale, koma mukapitiriza chonchi ukunyamulani ndithu. Amene akukuphikirani muwathokoze."

"Ndimaphika ndekha, adokotala."

Anatuluka ndi nkhani yabwinoyo ili pakamwa. Panja pa chipatala anaimbira amayi. Foni inayankhidwa, koma kumbuyo khanda linkalira mosweka mtima.

"Abambo, zili bwino? Nkhuku zili bwanji?"

"Zili bwino. Ndimati ndikuuzeni, ndachokera kwa dokotala..."

"Dikirani, mwanayu wadzithira phala thupi lonse. Ndikuimbirani."

Anaika foni m'thumba n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Anatolera mazira, anawaika m'mathireyi, anatsuka zomwera nkhuku. Atatha anatenthetsa nyemba zawo n'kukhala patebulo. Mwana wamwamuna analowa kudzatenga makiyi a geti, anaona bambo ake, n'kuima pakhomo.

"Mwapita kuchipatala lero? Akuti bwanji?"

"Akuti zatsika zonse."

"Eya, ndiye bwino." Anazengereza, kenako anatenga supuni n'kulawa m'poto. Anakwinya nkhope. "Bambo, mchere munaiwala?"

"Ndi mmene zimakhalira."

Mnyamatayo anaseka, anatapanso kawiri ali chiimire, n'kunena kuti anzake akumudikira. Chitseko chinatsekeka.

Amayi anaimba tsiku lotsatira masana. Anasangalala ndi nkhani ya dokotala, anafunsa za mapazi, kenako anati anawo apempha kuti akhalebe mpaka mwana ayambe kuyenda.

"Ndiye mukuti bwanji, abambo?"

A Dalaivala anali ataima pakhomo la khola, ndowa ili m'manja. Ankafuna kunena zambiri, koma sanazolowere.

"Khalani. Mwanayo akufunika munthu. Kuno tikutha."

Masiku ano mukadutsa mumsewu umenewo m'mawa mukumana nawo: bambo wamtali wa imvi, malaya akulendewera pamene panali mimba, akuyenda m'mphepete mwa msewu moyang'anizana ndi magalimoto. M'thumba amayenda ndi masiwiti awiri, oti adye ngati shuga watsika mwadzidzidzi, ndipo nthawi zambiri amabwerera nawo osawakhudza. Ana a sukulu amene amagula mazira pakhomo pawo sadziwa kuti anayendetsapo galimoto. Amawatchula kuti agogo a mazira.